Dzanja la Amayi Silimvera Sikelo

Zotsatira zitabwera kuchokera ku labu, achimwene anandiitana ndi mawu aja amene amaitanira munthu amene amuweruza kale. Ofesi yawo ndi kachipinda kopanikizika kuseri kwa fakitale yathu, tebulo limodzi ndi makatoni mpaka kudenga, koma iwo amakhalamo ngati nduna.

"A Sayansi, tabwerani mudzatiwerengere izi. Paja kusukulu munapita ndinu."

A Sayansi ndine. Ndine mzime m'banja mwathu, ndinaphunzira zoyeza zakudya ndi mankhwala, ndipo ntchito yanga pakampani yabanjayi ndi kuonetsetsa kuti zimene talemba palebulo ndi zimene zilidi m'botolo. Timapanga makapusozi a tiyi wobiriwira. Timagula ufa wamphamvu umene ena amaufinya kuchokera ku masamba a tiyi, timausakaniza ndi ufa wa mpunga mumgolo, kenako makina amauthira m'makapusozi. Mu ufa wa tiyiwo muli zimene amazitcha ma antiokisidanti. Ogula akafunsa kuti zimenezi n'chiyani, achimwene amati ndi zoletsa thupi kuchita dzimbiri m'kati. Ndinatopa kuwakonza, ndimangoyang'ana kumbali.

Zotumiza mabotolo athu ku labu yaikulu ndinaziyambitsa ndine, nditangolowa ntchito. Zipangizo zathu zimangoyeza kulemera kwa kapusozi ndi chinyezi, za mphamvu ya m'kati sizidziwa. Achimwene anayamba akana, ine n'kuumirira mpaka anatopa nane. Tsopano pepala linali m'manja mwanga, ndipo kunena zoona, mtima unali m'mwamba. Mlandu umene umamveka kawirikawiri pantchito ngati yathuyi ndi wa kuchepa, lebulo kulonjeza zambiri koma m'botolo muli ufa wa mpunga wokhawokha. Ndinkaopa zimenezo.

Koma ayi. Makapusozi athu anali ndi mphamvu yopitirira. Ena anapitirira pang'ono, ena ndi theka lathunthu, ndipo gulu limodzi linatsala pang'ono kufika kawiri pa zimene tinalemba.

Achimwene anatsamira pampando n'kumwetulira. "Ndiye vuto lili pati? Anthu akupindula. Tingolemba kuti mphamvu zowonjezera."

"Achimwene, si shuga wa mu tiyi uyu. Ufa umenewu ukachuluka m'thupi utha kuvulaza chiwindi, makamaka munthu akamamwa asanadye kanthu. Ife tinalemba kuti kapusozi mmodzi pa tsiku. Munthu akumwa mmodzi, koma ali ngati wamwa awiri, iye osadziwa."

Kumwetulira kuja kunatha. Achimwene ndi munthu wokonda kudzitama, koma si munthu woipa, ndipo kampaniyi anaiyamba ndi manja awo. Anaimitsa makina nthawi yomweyo n'kundiuza kuti ndipeze chimene chikuchititsa.

Ndinayamba ndi sikelo. Ndinaikapo miyala yake yoyesera, ndipo sinaname ngakhale pang'ono. Ndinatumiza ufa wa m'matumba ku labu poganiza kuti mwina otigulitsa anatipatsa wamphamvu kuposa umene anatiuza, koma unali bwinobwino. Makina othira nawo analibe mlandu. Panatsala chipinda chimodzi, ndipo ndinkachizungulira dala ngati mmene munthu amazungulira nyumba ya galu wolusa. Chipinda chosakaniziramo ufa chinali cha amayi.

Amayi anagulitsa nyemba, mchere ndi mtedza pamsika kuyambira ine ndisanabadwe. Bambo atamwalira, amayi anasiya zonse. Anakoka mpando n'kuuika pawindo, ndipo anakhala pamenepo pafupifupi chaka, akudya ngati mbalame, osalankhula, osapita ngakhale kwa anzawo. Tinayesa zonse, ife kulephera. Chimene chinawadzutsa ndi kampaniyi. Achimwene atasowa wowathandiza, amayi anabwera kuti adzangogwirizira kwa kanthawi, ndipo sanachokenso. Amafika m'mawa aliyense asanafike. Epuloni yawo yoyera salola kuti wina achape, amachapa okha n'kusita okha. Ananenepa, anayambanso kutikalipira, ndipo ife tinathokoza Mulungu chifukwa cha kukalipako.

Tsono achimwene anali atayamba kale kunena kuti amayi akapume, agule makina oyeza okha. Ine ndinkadziwa kuti kupuma kwa amayi ndi mpando wa pawindo uja. N'chifukwa chake ndinkapemphera kuti vuto lipezeke kwina kulikonse. Koma kutsutsa galu n'kukumba. Ndinapempha kuti tisakanize mgolo umodzi wongoyesera, ndinavala chipewa ndi magolovesi, n'kukakhala pakona.

"Lero kwagwanji, mzime wanga wabwera kudzandiona?" anatero amayi. "Khala pampando apo, usandipingepinge."

Anagwira ntchito mokoma kuonerera. Anapukuta mbale yachitsulo, n'kuiika pasikelo, n'kuyamba kuthira ufa wa tiyi pang'onopang'ono. Pafupi ndi mapeto ankagogoda supuni ndi chala kuti ugwe wochepa zedi, mpaka nambala inakwana ndendende. Ine ndemwe sindikanaposa pamenepo. Anakhuthulira mbale ija mumgolo, akundiuza za bondo lawo ndi za mdzukulu wawo amene wayamba kukwawa. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Kenako dzanja lawo linabwerera m'thumba la ufa wa tiyi. Linatuluka ndi supuni yodzaza mpaka kupanga kaphiri, n'kuthira mumgolo, n'kugwedeza pang'ono kuti pasatsale kanthu. Maso awo anali pa ine, nkhani ya mdzukulu ikupitirira.

"Amayi, imeneyo ndi ya chiyani?"

"Iti?"

"Supuni mwathirayo."

"Ndathira supuni ine?" Anayang'ana dzanja lawo, supuni ikadali ndi fumbi la ufa. Anaseka. "Aa, kabasela ako. Ungamupatse munthu zongokwana sikelo ngati mdani wako?"

Basela ndi kaja kamene wogulitsa pamsika amakuwonjezera pamwamba ukagula, kuti udzabwerenso. Amayi ankadziwika nako msika wonse. Ndinakumbuka gulu lija linatsala pang'ono kufika kawiri, ndipo ndinazindikira kuti tinalipanga masiku amene mdzukuluyo anabadwa. Amayi akasangalala, supuni imakhala ziwiri. Ndinkafuna kuseka, komanso ndinkafuna kulira.

Ndinawafotokozera zonse, za labu, za lebulo, za chiwindi. Nkhope yawo inauma.

"Ndakalamba ndikumva anthu akuimbidwa mlandu woba pasikelo," anatero. "Lero mwana wobala ndekha akundiimba mlandu wopatsa. Sukulu yanuyi inakuphunzitsani kuumira? Kupatsa n'kuika, iwe."

"Amayi, nyemba munthu amaziona. Mukamuwonjezera, amaona, amathokoza, akafika kunyumba amaphika mmene akufunira. Kapusozi amangomeza. Sangamutsegule kuti aone zam'kati. Maso ake ndi lebulo ija, ndipo ife tamunamiza."

"Kumunamiza pomupatsa zambiri?"

"Mchere munkaugulitsa uja, mukanauthira m'ndiwo za munthu iye osaona, mukanati mwamupatsa?"

Anaika supuni patebulo mofatsa. Kenako anafunsa ndi mawu ena, otsika.

"Wati chiwindi? Munthu amaoneka bwanji chikavulala?"

"Ena amafooka, ena mseru, ena maso amachita chikasu. Ena saona chilichonse mpaka mochedwa."

"Mnzanga wosoka uja amamwa awiri. Amati mmodzi samumva."

Anavula epuloni, n'kuipachika, n'kutuluka osatsanzika. Ndinawatsatira. Munthu wodandaula bondo uja anayenda msewu wonse ine ndikuchita kuthamangira pambuyo.

Mnzawoyo amasoka m'kachipinda kapakati pa shopu ya mafoni ndi malo ometera. Tinamupeza akupalasa makina, mapini ali kukamwa, nsalu zili mbwee pansi. Botolo lathu linali pawindo, pafupi ndi ulusi. Amayi sanapereke ngakhale moni. Anatenga botolo lija n'kuliponya m'chikwama, kenako anagwira mnzawoyo chibwano, n'kumutembenuzira kowala, n'kumukoka chikope ndi chala.

"Anzanga, mwapenga?" anatero wosokayo atalavula mapini. "Mwasanduka adokotala liti?"

"Khalani chete, yang'anani kumwamba. Iwe, tabwera udzaone. Ndi oyera awa?"

Maso anali oyera. Komabe ndinamupempha kuti asiye kumwa makapusoziwo ndipo akayezetse magazi kuchipatala. Anayamba kuwiringula kuti ali ndi madiresi a ukwati oti amalize, koma amayi anamuuza kuti mawa adzamutenga okha, ndipo akakana adzamunyamula kumsana. Anapitadi, ndipo magazi anapezeka abwino. Koma tsiku limenelo sitinkadziwa, ndipo pobwerera amayi ankayenda pang'onopang'ono, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

Apa ndi pamene ndinalankhula zopusa. "Amayi, achimwene ndiwauza kuti inali sikelo. Tigula ina, inu musiye basela, nkhani ithe."

Anaima pakati pa njira. "Lebulo yanama chifukwa cha ine. Ndiye ukufuna nawenso uname chifukwa cha ine? Ntchito yako ndi yotani kodi pakampani paja?"

Manyazi anandigwira. Titafika, analowa okha mu ofesi ya achimwene, ine ndili pambuyo, ndipo ananena zonse ataimirira, osachepetsa kalikonse. Achimwene anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Amayi, chiyambire?"

"Chiyambire, bambo. Mgolo uliwonse."

Achimwene sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Analankhula mwaulemu kwambiri. Anati mabotolo onse abwezedwe kuchokera m'mashopu ndi m'mafamase, ndipo tilengeze kuti amene anagula asiye kumwa. Kenako anati, "Amayi, mwagwira ntchito yaikulu. Tsopano mukapume." Amayi anangogwedeza mutu n'kukatenga epuloni yawo.

Masiku otsatirawo tinali pamsewu, kutolera mabotolo. Eni mashopu ena anatinyoza, ena anadabwa kuti pali anthu obwera okha kudzanena kuti alakwitsa. Mayi wina wa famase anati tikakonza tidzabwerenso, chifukwa anthu otere ndi amene iye amafuna kugula kwa iwo. Zimenezo zinawalimbitsa mtima achimwene. Ine sizinandifike, chifukwa madzulo aliwonse ndinkadutsira kwa amayi.

Mpando unali utabwerera pawindo. Epuloni inali yopindidwa bwino pamwamba pa kabati. Tiyi amene ndinkawapangira ndinkamupeza mawa lake ali pomwepo, atazizira. Ndikawafunsa kuti ali bwanji, ankati ali bwino, akupuma, si zimene tinkafuna? Sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri.

Ine mtima wanga ndi waufupi, onse kwathu amadziwa. Tsiku lina ndinalowa mu ofesi muja osagogoda.

"Achimwene, mwapitako kwa amayi?"

"Ndakhala wotanganidwa, ukudziwa."

"Pitani mukaone zimene mwachita. Mwawabwezera pawindo paja. Mukuti makina, makina, kodi makinawo ndi amene anakuberekani? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Anaimirira, ndipo kwa nthawi yoyamba anandikwezera mawu. "Ukuganiza kuti ine sizikundipweteka? Ndinapitako, ndinaima pakhomo, ndinalephera kulowa. Koma ukufuna tivulaze munthu chifukwa chomvera amayi chisoni? Ndiwe wemwe unabwera ndi nkhani ya chiwindi. Dzanja lija si loti ungaliuze. Lachita zimenezo moyo wawo wonse, eni ake osadziwa n'komwe."

Ankanena zoona, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri. Ndinakhala pakatoni n'kupuma kaye. Kenako ndinawauza zimene tinkayenera kumachita kuyambira pachiyambi. Poyeza ufa wamphamvu ngati umenewu pamafunika anthu awiri, wina woyeza, wina woonerera. Ife tinkawasiya amayi okha m'chipinda chifukwa ndi amayi, ndani akanalimba mtima kuwayang'anira? Kulakwa kumeneko kunali kwa kampani yonse. Ndinapempha kuti tiwayese kamodzi, ine nditaima pambali pawo.

Achimwene anaganiza nthawi yaitali. "Kamodzi," anatero. "Ndipo ine ndidzakhalapo. Supuni ikangolowa mumgolo, usadzandivutitsenso."

Amayi nditawauza, anayamba akana. Anati safuna kukachititsidwa manyazi pamaso pa ana awo. Koma m'mawa wa tsikulo tinawapeza atafika kale, epuloni yositidwa, ataima pakhomo la chipinda chawo ngati mlendo.

Tinalowa atatu. Achimwene anatsamira khoma, manja atapinda. Ine ndinaima kudzanja lamanja la amayi. Ndinali ndi kabotolo kagalasi kopanda kanthu, chifukwa tinali titagwirizana kuti kuyambira tsopano tizitapa ufa pang'ono nthawi iliyonse tikamasakaniza, wina wosunga, wina wotumiza ku labu. Ndinkadikira kuti amayi amalize kuti nditape.

"Iwe dzanja, undimvere lero," anatero amayi, akuliyang'ana. Palibe anaseka.

Anapukuta mbale. Anathira ufa. Anagogoda supuni ndi chala mpaka nambala inakwana, ine n'kuvomereza mokweza kuti yakwana. Anakhuthulira mumgolo mosamala, milomo ataluma. Ufa wonse utagwa, anapuma mpweya waukulu, mapewa n'kutsika, ndipo anatembenukira kwa achimwene kuti awauze kanthu, mwina kuti mwaona.

Pomwepo dzanja linapita. Ndinaliona likulowa m'thumba, n'kutuluka ndi kaphiri kake. Linali pakati pa thumba ndi mgolo pamene amayi analiona. Anauma. Supuni inaima m'mwamba, ufa ukugwera patebulo pang'onopang'ono. Sanathe kupita nayo kutsogolo, sanathenso kuibweza. Nkhope imene anapanga sindikufuna kudzaionanso, inali ya munthu amene thupi lake lomwe lamupereka.

Sindinaganize. Ndinangotambasula mkono n'kuika kabotolo kanga pansi pa supuni.

"Ndipatseni ine, amayi."

Anandiyang'ana. Kenako anathira, n'kugwedeza pang'ono monga mwa masiku onse kuti pasatsale kanthu. Ndi dzanja linalo ndinakoka chivundikiro n'kutseka mgolo.

"Dzanja labwerera," anatero achimwene.

"Labwerera. Koma mumgolo simunalowe kanthu, mwaona nokha. Ndipo ufa uwu ndimaufuna, ndikanatapa ndekha."

"Ndiye uziima pamenepo mgolo uliwonse?"

"Uliwonse. Woonerera amayenera kukhalapo basi, kaya woyeza ndi amayi kaya ndi wina."

"Nanga tsiku limene udzadwale?"

Achimwene anayang'ana amayi, amene anali akupukuta ufa wa patebulo, mutu uli pansi. Anati tidikire zotsatira za mgolo umenewu, n'kutuluka msangamsanga, akunamizira kuti foni ikuitana.

Chitseko chitatsekeka, amayi ananyamula kabotolo kaja n'kukayang'ana kowala. "Kabotolo kako n'kakang'ono bwanji," anatero. "Ukagule kokulirapo. Ine zopatsa munthu pang'ono sindizitha."

Zotsatira zinabwera zogwirizana ndi lebulo. Mgolo wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Achimwene sananene kuti amayi abwerere ntchito, komanso sananenenso za makina oyeza okha. Amayi ankangobwera m'mawa uliwonse, ndipo palibe anawabweza. Tinasindikiza malebulo atsopano, n'kuwonjezerapo kuti munthu asapitirire kapusozi mmodzi pa tsiku ndiponso azimwa atadya. Mawu amenewo amayi anaumirira kuti alembedwe ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa amawadziwa anzawo. Mayi wa famase uja anasunga lonjezo lake. Dzanja silinasinthe, ndipo ine ndinasiya kuyembekezera kuti lisintha. Shelefu yanga inadzaza ndi timabotolo, ndipo ndikhulupirira kuti palibe kampani ina yosunga ufa woyesera wochuluka ngati ife.

Nyengo yozizira itafika, chimfine chinandigwetsa. Munthu wachimfine saloledwa m'chipinda chosakaniziramo, ndipo ndinatumiza uthenga kuti tsiku limenelo asasakanize, adikire ndichire. Koma mtima sunandilole kugona. Dzuwa litakwera ndinadzikoka n'kupita, kuti ndikangoona ngati andimvera.

Sanandimvere. Ndinasuzumira pagalasi la chitseko. Amayi anali pasikelo, akugogoda supuni ndi chala. Kudzanja lawo lamanja kunaima achimwene, bwana wa kampani, atavala chipewa chopyapyala chimene chinkawakhala ngati cha khanda, epuloni yosafika pamimba. Anawerenga nambala mokweza. Amayi anakhuthula mbale, dzanja n'kubwerera m'thumba, ndipo achimwene anatambasula kabotolo atakagwira ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono, mmene tinkalandirira zinthu tili ana.

Amayi anathira, n'kugwedeza supuni. Kenako anawayang'ana achimwene kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ngakhale panali chitseko ndinamva bwinobwino.

"Iwe waonda. Kodi ukumadya?"